Mpando wa phungu ukupepuka: zimene zisankho za ku Mchinji zikuonetsa

Pakati pa Meyi 2009 ndi Novembala 2016, dera la kuzambwe kwa boma la Mchinji, mbali imene kuli Boma ndi msewu wopita kuchipata cha Mwami, linaimiriridwa ndi aphungu atatu osiyana ku Nyumba ya Malamulo. Mayi Theresa Gloria Mwale a chipani cha DPP ndi amene anapambana mu 2009. Mu 2014 mpando unapita kwa a Billy Kanjira Banda a MCP, amene anamwalira mu 2016 asanamalize teremu yawo. Pa chisankho chapadera cha pa 1 Novembala 2016 anthu anasankha a Jephter Mwale, a MCP yomweyo. Kusintha komalizaku kunadza ndi imfa, choncho sikutiuza kanthu za maganizo a ovota. Koma kwa 2009 ndi kwa 2014 kunatuluka m'mabokosi a mavoti, ndipo kukufanana kwambiri ndi zimene zakhala zikuchitika m'madera ambiri m'dziko muno kuyambira 2004.

Tikaika mbiri ya mpando umenewu pambali pa ziwerengero za dziko lonse, tikuona zinthu zitatu zikuyendera limodzi. Nthawi imene phungu amakhala pampando ikufupika. Ndalama zimene munthu amawononga kuti apeze mpandowo zikukwera. Ndipo ntchito imene malamulo aakulu a dziko anam'patsa phungu, yopanga malamulo ndi kulondoloza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, ikucheperachepera mphamvu pa chisankho. Anthu akuchotsa aphungu ambiri, koma sakuwachotsera ntchito imeneyi. Akuika ena atsopano, koma sakuwasankhira ntchito imeneyinso.

Kukwera ndi kutsika kwa phungu mmodzi

Mchinji ndi limodzi mwa maboma a m'chigawo chapakati amene kuyambira 1994 akhala akudziwika kuti ndi kuchipinda kwa chipani cha Kongeresi. Pa chisankho cha 2004 chipani cha DPP kunalibe n'komwe, chifukwa Bingu wa Mutharika anachikhazikitsa mu 2005 atatuluka mu UDF. Kuti patangopita zaka zinayi chipani chatsopanochi chitenge mpando pa Boma la Mchinji chinali chinthu chachikulu. Chimene chinachititsa sichinali cha ku Mchinji kokha. Mu 2009 Bingu anapeza mavoti 66 pa 100 aliwonse, makamaka chifukwa cha makuponi a feteleza wotsika mtengo amene anayamba mu 2005 ndi zokolola zochuluka za zaka zotsatira. DPP inapeza mipando yoposa 110 mwa mipando 193, pamene MCP, imene mu 2004 inali ndi mipando yoposa 55, inatsala ndi yosakwana 30. Kudera la alimi a chimanga, mtedza, soya ndi fodya ngati Mchinji, thumba la feteleza linalankhula mokweza kuposa mbiri ya tambala wakuda.

Mayi Mwale analowa m'Nyumba ya Malamulo m'chaka chimenecho, ndipo anakwera msanga. Mu Juni 2009 anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo. Mu Ogasiti 2010 anakhala nduna yoona za jenda, ana ndi chitukuko cha m'madera. Kuchoka pa kulumbira ngati phungu kufika pa unduna wathunthu panadutsa miyezi yosakwana khumi ndi isanu. Koma mphepo imene inawakweza inatembenuka mofulumira chimodzimodzi. Pofika 2011 mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinali zitasowa, maiko othandiza anali ataimika thandizo lawo la mu bajeti, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Mu Ogasiti chaka chomwecho Bingu anachotsa nduna zake zonse, ndipo pamene anatulutsa mndandanda watsopano mu Sepitembala, unduna wa jenda unapita kwa Mayi Reen Kachere. Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012, DPP inapezeka ili kumbali yotsutsa boma popanda chisankho, ndipo mu 2014 mpando wa kuzambwe kwa Mchinji unabwerera ku MCP.

Pa zonsezi, palibe chimene chinagamulidwa ndi ntchito ya phunguyo m'Nyumba ya Malamulo. Anakwera chifukwa chipani chake chinali pamwamba, anatsika chifukwa chipanicho chinagwa. Amene anabwera pambuyo pake nawonso anathandizidwa ndi kudzuka kwa MCP pansi pa Lazarus Chakwera, amene anatenga utsogoleri wa chipanicho mu 2013. A Jephter Mwale anasunga mpandowo mu 2019, chaka chimene MCP inali yamphamvu kwambiri m'chigawo chapakati. Sitikunena kuti anthu amenewa analibe luso kapena khama lawolawo. Tikunena kuti ziwerengero sizionetsa kuti luso ndi khama ndi zimene zinagamula.

Zimene zikuchitika dziko lonse

Pa zisankho za 2004, 2009 ndi 2014, aphungu pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse sanabwerere ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2019 oposa theka anatsalanso kunja. M'maiko amene demokalase inakhazikika, aphungu ambiri amene aimanso amapambana, ndipo nyumba imasintha pang'onopang'ono. Kwathu kuno Nyumba imayamba pafupifupi mwatsopano zaka zisanu zilizonse.

Chiwerengero chachiwiri ndi cha aphungu oima paokha. Mu 1994, pa mipando 177, panalibe ndi mmodzi yemwe. Mu 1999 analipo anayi. Mu 2004 anafika pafupifupi 40, mu 2009 anatsika kufika 32, mu 2014 anakwera kufika 52 n'kuposa chipani chilichonse, ndipo mu 2019 analipo 55, ofanana ndi a MCP. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, madera atawonjezeredwa kufika 229, oima paokha anaposa 70. Ndiye kuti pafupifupi phungu mmodzi mwa atatu aliwonse analowa m'Nyumba popanda manifesito a chipani amene anthu angamufunse nawo. MCP, imene inalowa m'chisankhocho ili chipani cholamula, inapeza mipando yongopitirira pang'ono 50 mwa 229, pamene mu 2019 ili kotsutsa inapeza 55 mwa 193. Mavoti a Chakwera anatsika kuchoka pa 58 peresenti mu 2020 kufika pa 33 peresenti mu 2025.

Chiwerengero chachitatu ndi cha amayi. Mayi Mwale anali mmodzi mwa amayi oposa 40 amene anapambana mu 2009, kampeni ya 50-50 itangoyamba kumene. Mu 2014 chiwerengerocho chinatsika kufika 32. Ambiri mwa amayi a mu 2009 analowa pa tikiti ya DPP, ndipo chipanicho chitafooka iwonso anagwa nacho. Mu 2019 anabwereranso pamwamba pa 40, koma mpaka lero sanafikepo ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a Nyumba yonse. Phindu limene limabwera ndi kutchuka kwa mtsogoleri mmodzi limapitanso ndi mtsogoleri yemweyo.

Anthu sanatope ndi kuvota. Mu 2019 ovota anali pafupifupi 74 pa 100 aliwonse olembetsa, ndipo mu 2025 anali pafupifupi 76. Chimene chafooka ndi chingwe chomangiriza voti ya phungu ku ntchito ya phungu.

Gwero loyamba: zisankho zachipulula

M'dera limene chipani chimodzi chili ndi mphamvu, chisankho chenicheni chimachitika pa chipulula. Kwa zaka zambiri zisankho zimenezi zakhala zikuchitika pabwalo la sukulu, nthumwi za nthambi za chipani zitaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna. Palibe chinsinsi. Wapampando wa nthambi amaona amene waima kumbuyo kwa yani, ndipo amene anatumiza lole yonyamula anthu amawerenga ngati onse amene anakwera aima pamzere wake. Mkangano umayambira pa mndandanda wa nthumwi: ndani ali wovomerezeka kuvota, nanga nthambi zatsopano zachokera kuti. Woyendetsa chisankho wochokera kulikulu la chipani akalengeza zotsatira, wogonja kawirikawiri amakana, ndipo pakapita milungu yochepa chithunzi chake chimapezeka pamitengo ngati woima payekha.

Ambiri mwa aphungu oima paokha ndi anthu oterewa. Pamisonkhano yokopa anthu amauza ovota kuti pa mtsogoleri wa dziko avotere wa chipani chawo chakale, koma pa phungu avotere iwo. Akapambana amabwerera kuchipani chomwecho kapena amalowera kumene kuli boma. Chotsatira chake n'chakuti tikiti ya chipani yatha mphamvu yosefa anthu. Chipani sichingathenso kulonjeza ovota kuti munthu amene chamuimika anayesedwa, ndipo sichingathe kulanga phungu amene wasiya mfundo zake.

Gwero lachiwiri: mtengo wa mpando

Kafukufuku amene Michael Wahman anachita pa chisankho cha 2019, wofalitsidwa ndi bungwe la Westminster Foundation for Democracy, anapeza kuti wopikisana pa mpando wa phungu anawononga pafupifupi K14.8 miliyoni, ndipo amene anali ndi mwayi weniweni wopambana anawononga pafupifupi K27 miliyoni, ndalama zoposa malipiro a phungu a chaka chathunthu panthawiyo. Izi zinali kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gawo lalikulu la ndalama zimenezi limachoka m'thumba la wopikisanayo, osati kuchipani.

Kumene ndalamazi zimapita aliyense amadziwa. Pakhomo pa phungu kapena pa shado, anthu amayamba kufika dzuwa lisanatuluke. Wina akufuna bokosi la maliro ndi galimoto yonyamula thupi kuchokera kuchipatala cha boma. Wina wagwira kalata ya sukulu ya sekondale yonena kuti mwana wabwezedwa chifukwa cha fizi. Komiti ya tchalitchi yabwera ndi pepala la malata ndi simenti, timu ya mpira ikufuna mayunifomu, mjigo wa m'mudzi wathyoka. Pambuyo pa msonkhano uliwonse pamakhala mzere wa magule, mafumu ndi achinyamata oyembekeza kangachepe. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa ovota, koma mchitidwewu sunathe, chifukwa wogawa ndi wolandira onse alibe chifukwa choulula.

Wovota sakulakwitsa masamu. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Munthu amene waona aphungu atatu kapena anayi akudutsa popanda kusintha kwa mtengo wa mtedza wake amatenga chimene chili pafupi. Vuto lili pa kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 456,000 m'boma la Mchinji, ndipo wa 2018 anapeza 602,305. Nthawi yonseyi madera a aphungu anali asanu ndi limodzi. Phungu mmodzi amene ankaimira anthu pafupifupi 76,000 anayamba kuimira anthu oposa 100,000. Palibe malipiro a phungu amene angakwanitse maliro, fizi ndi matenda a anthu ochuluka chotero. Amene wathandizidwa amakhala mmodzi, okhumudwa amakhala makumi, ndipo pakutha pa zaka zisanu okhumudwawo ndi amene amachuluka pamzere wovota. Wopikisana watsopano, amene sanakanepo pempho la munthu aliyense, amayamba ali patsogolo.

Gwero lachitatu: phungu wasanduka khansala

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko la Malawi linalibe makhansala. Amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo itatha, chisankho china sichinachitike kwa zaka zisanu ndi zinayi. Teremu yonse ya Mayi Mwale inadutsa popanda khansala ndi mmodzi yemwe m'dera lawo. Mkati mwa nthawi yomweyi, mu 2006, boma linakhazikitsa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, ndipo mu 2010 lamulo la maboma aang'ono linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Mbadwo wonse wa ovota unakula ukudziwa kuti mlatho, chipinda chophunziriramo ndi mjigo zimachokera kwa phungu. Makhansala atabwerera mu 2014 anapeza malo awo atakhalidwa kale.

Thumba la CDF lakhala likukula: linayamba ndi mamiliyoni ochepa, linafika K100 miliyoni mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024. Koma tikaziyeza ndi dola pa mtengo wa kubanki, K100 miliyoni kumayambiriro kwa 2022 inali pafupifupi madola 120,000, pamene K200 miliyoni mu 2024 inali pafupifupi madola 115,000. Nambala inawirikiza kawiri, mphamvu yogulira simenti ndi malata inatsika. Tikagawa K200 miliyoni kwa anthu 100,000, aliyense ankapeza K2,000 pachaka, panthawi imene thumba limodzi la feteleza linali litadutsa K100,000. Ndalama yochepa chotere, ikamwazidwa m'midzi yambiri kuti aliyense aonepo kanthu, imabala zimene timaziona m'mbali mwa misewu yafumbi: chipinda cha sukulu chofika pamawindo chopanda denga, kapena kamlatho komangidwa bwino pakati koma kopanda dothi lolumikiza kumsewu.

Bajeti ya dziko imawerengedwa m'mathililiyoni. Phungu amene amathera mphamvu zake pa ndalama za CDF za dera lake, n'kuvomereza mathililiyoniwo osawafufuza, wasiya chachikulu n'kugwira chaching'ono. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene unachokera ku bungwe la makhonsolo la MALGA, bwalo lalikulu la milandu litakhala ngati bwalo loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti kutenga mbali kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF ndi kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulowo. Mfundo ya oweruza inali yakuti munthu sangayendetse ndalama n'kukhalanso wolondoloza mmene ndalamazo zayendera.

Gwero lachinayi: palibe chowopa pakati pa zisankho

Malamulo aakulu a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo teremu isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995 lisanagwiritsidwepo ntchito. Gawo 65, loletsa phungu kusiya chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba n'kulowa china, lilipo, koma lagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo. Mu 2005 aphungu ambiri anathamangira ku DPP, mu 2012 ambiri anathamangira ku PP ya Joyce Banda, ndipo mipando yawo sinalengezedwe kuti ilibe eni. Komanso lamulo lakuti wopambana apeze mavoti oposa theka, limene mabwalo a milandu anatsimikiza mu 2020, likukhudza mtsogoleri wa dziko yekha. Phungu amapambana ndi mavoti ochuluka kuposa anzake basi, ndipo pamene opikisana ali asanu ndi atatu kapena khumi, munthu angathe kulowa m'Nyumba atakanidwa ndi ovota ambiri a dera lake. Wovota watsala ndi chida chimodzi, tsiku limodzi pa zaka zisanu, ndipo amachigwiritsa ntchito mokwiya.

Chimene chikutayika

Kutaya koyamba n'kwa Nyumba yeniyeniyo. Phungu watsopano amatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti adziwe malamulo a zokambirana, kawerengedwe ka mabuku a bajeti ndi malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma. Akayamba kudziwa, chisankho chayandikira ndipo maganizo ake ali kumudzi. Makomiti amene amayenera kufunsa alembi aakulu a maunduna mafunso ovuta amayambiranso ndi anthu atsopano, pamene akuluakulu a m'maunduna amene akufunsidwawo akhala m'maofesi zaka makumi. Kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate, kumene ofufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi ya 2013, sikunaululike kudzera m'Nyumba ya Malamulo. Ngongole za boma zadutsa 80 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pachaka, ndipo ngongole zikuluzikulu zakunja zimadutsa m'Nyumbamo ngati mabilu amene aphungu amavomereza.

Kutaya kwachiwiri n'kwa boma la Mchinji. Kuyambira 2009 bomali lakhala ndi aphungu ake m'mipando ya unduna pansi pa atsogoleri atatu: Mayi Mwale pansi pa Bingu wa Mutharika, Mayi Rachel Mazombwe Zulu a kumpoto kwa Mchinji pansi pa Joyce Banda, Mayi Agnes Nkusankhoma a kummwera ngati wachiwiri kwa nduna ya zamalimidwe mu 2020, ndi a Deus Gumba a kummwera cha kuzambwe ngati nduna ya zamalo kuyambira 2023 mpaka 2025 pansi pa Chakwera. Si maboma onse amene apeza mwayi wotere. Koma mavuto akuluakulu a bomali ndi a mtundu umene sutha m'teremu imodzi, ndipo sangathetsedwe ndi CDF.

Njanji inafika pa Mchinji mu 1980, ndipo yolumikiza ku Chipata inatsegulidwa mu 2010, Mayi Mwale ali nduna. Mpaka lero katundu wambiri wodutsa pano amayenda pa malole mumsewu wa M12, ndipo sitima imaoneka mwakamodzikamodzi. Chipata chamakono cha Mchinji ndi Mwami chinatsegulidwa mu Disembala 2022 ndi Chakwera ndi Hakainde Hichilema, koma wamalonda ang'onoang'ono wonyamula matumba angapo amafunabe phungu amene amadziwa malamulo a misonkho ndi mgwirizano wa COMESA kuti amulankhulire. Boma limalengeza mitengo yoyambira ya mbewu chaka chilichonse, koma mlimi wa soya ndi mtedza wa ku Kapiri, Mkanda kapena Kamwendo amagulitsa kwa venda wa sikelo pa mtengo umene vendayo wanena, makamaka kuyambira pamene ADMARC inatsekedwa kwa kanthawi mu 2022. Minda ikuluikulu ya maesiteti inatenga malo ambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo anthu ochuluka akupanikizana pa malo otsala. Nkhani zonsezi zimafuna lamulo, bajeti ndi phungu amene angazitsatire zaka khumi kapena kuposerapo. Palibe imodzi mwa izo imene imagamula chisankho chachipulula.

Mchinji ili ndi umboni wakuti ndondomeko yokhazikika imaposa mphatso ya munthu mmodzi. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayesedwa koyamba m'boma lino mu 2006, ndipo lero ili m'maboma onse a dziko lino. Yadutsa m'manja mwa maboma a zipani zosiyanasiyana osaima, chifukwa ili ndi malamulo ake, mndandanda wake wa opindula ndi malo ake mu bajeti. Banja limene limalandira thandizoli silidikira pageti pa munthu aliyense.

Kutaya kwachitatu n'kwa mtundu wa anthu amene amaima. Pamene mpando ukufuna ndalama zoposa malipiro a chaka, ndipo mwayi woubwezanso ndi umodzi pa zinayi kapena pa zitatu, mphunzitsi wopuma, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena mtsogoleri wa kopaletivi ya alimi amaganiza kawiri. Amatsala ndi amene ali ndi bizinesi yaikulu kapena amene akuyembekeza kubweza ndalama zake akalowa. Amayi ndi achinyamata, amene kawirikawiri alibe chuma chotere, ndi amene amayamba kugwa.

Kodi kusinthasintha si chizindikiro cha demokalase?

Ena amanena kuti kuchotsa aphungu ambiri ndi umboni wakuti ovota a ku Malawi ndi ochangamuka. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Anthu a kuzambwe kwa Mchinji anaonetsa mu 2009 kuti si katundu wa chipani chilichonse, ndipo mu 2014 anaonetsa kuti unduna suteteza mpando. Dziko limene phungu sangachotsedwe n'loipa kuposa limene amachotsedwa kawirikawiri. Koma chilango chimaphunzitsa pokhapokha ngati chikusiyanitsa wolakwa ndi wosalakwa. Pamene phungu wakhama m'komiti ndi phungu amene sanalankhulepo m'Nyumba akugwa mofanana, phunziro limene wolowa m'malo amatenga ndi lakuti khama m'komiti lilibe phindu. Amaphunzira kuti chofunika ndi kukhala kumbali ya boma, kupeza unduna ngati kungatheke, ndi kusonkhanitsa ndalama za kampeni yotsatira kuyambira tsiku loyamba. Zisankho zisanu zotsatizana zaphunzitsa phunziro lomweli.

Zoyenera kuchita

Njira zothetsera vutoli zimadziwika, ndipo zambiri sizifuna ndalama zochuluka. Zipani ziyenera kukhala ndi mndandanda wa mamembala wodziwika miyezi ingapo chisankho chachipulula chisanafike, ndipo kuvota kuzikhala kwachinsinsi. Ofesi ya mlembi wa zipani ipatsidwe antchito ndi ndalama zokwanira kuti lamulo loletsa kugawa zinthu ligwire ntchito, ndipo pakhale malire a ndalama zimene wopikisana angawononge. Ndalama za chitukuko cha m'madera ziyendetsedwe ndi khonsolo ndi makomiti a chitukuko a m'midzi, phungu akhale wofunsa mafunso, monga mmene bwalo linagamulira mu 2025. Nyumba ya Malamulo izifalitsa m'Chichewa ndi m'zinenero zina mndandanda wosonyeza masiku amene phungu aliyense anapezeka, mafunso amene anafunsa ndi mmene anavotera pa mabilu akuluakulu, makamaka a ngongole. Wailesi za m'madera, monga Mudziwathu ya ku Mchinji konkuno, zingathe kuwerenga mndandanda wotere pakutha pa mkumano uliwonse wa aphungu.

Mbali yotsala ndi ya ovota, mafumu, mipingo ndi magulu a alimi. Phungu amachita chimene akudziwa kuti adzafunsidwa. Akadziwa kuti pabwalo la mfumu adzafunsidwa za mabokosi a maliro okha, adzagula mabokosi. Akadziwa kuti adzafunsidwa chifukwa chake anavomereza ngongole inayake, kapena chimene wachita kuti mtengo woyambira wa soya utsatidwe pamsika wa Kamwendo, adzayamba kuwerenga mabuku a bajeti. Pokhapokha mafunso amenewa atayamba kumveka pamisonkhano, chisankho cha 2030 chidzabweretsa maina atsopano ambiri monga zinachitira zisankho zam'mbuyomu, ndipo Nyumba ya Malamulo idzakhala yofooka kuposa mmene ilili lero.